Kukaona Denga Limene Linagwetsa Amuna Anga

Foni inalira ndili kumunda kusikimu ya mthirira, ndikuthamangitsa mbalame mumpunga. Linali Lachiwiri m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Bwanje lija loti ngakhale nkhuku zimayenda zili kukamwa yasa. Woimbayo anati ndi kapitawo wa amuna anga.

"Ndinu mayi a kunyumba kwa a Mateyu? Agwa padenga. Ali kuchipatala cha paboma, sakuyankhula. Bwerani msanga."

Ndisanafunse kanthu foni inaduka.

Amuna anga anali mmisiri womanga. Miyezi iwiri m'mbuyomo anapeza ntchito kutali, kumapiri a ku Ntchisi, yokonza nyumba yakale ya ansembe pamishoni ina. Anabwera kamodzi kokha kudzationa, ndipo masiku awiri amene anakhalawo nkhani inali ya nyumbayo basi. Anaijambula ndi kamtengo pabwalo, Tadala, mwana wathu woyamba, akupondaponda mizereyo.

"Amake Tadala, nyumba ndaziona, koma iyi ndi ina. Khoma lake kunenepa, kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya zala, n'kuwonjezapo. Masana ukalowamo umafuna juzi. Mazenera aatali, opyapyala, kumwamba kosongoka ngati manja a munthu wopemphera. Machumuni atatu. Ndiye denga lake lachita kuimirira, mphaka atakwerapo angabwerere chafutambuyo."

Ndinaseka tsiku limenelo. Anati akadzamanga yathu ya njerwa zootcha, zenera limodzi adzalisongola choncho, la kuchipinda kwathu.

Ine kwathu ndi ku Biriwiri, koma ndinatengedwa chitengwa, ndinkakhala kwawo kwa amuna anga. Nditafika kunyumba ndi uthengawo, apongozi anga, mayi awo owabereka, sanalire. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Wagwa bwanji?"

"Sananene, mayi."

"Mateyu wakwera madenga kuyambira ndevu zisanamere. Sanagwepo ngakhale mumtengo wa mango. Malemu bambo ake anatha zaka zisanu ndi ziwiri m'migodi ya ku Joni, pansi pa nthaka, n'kubwerako ndi zala zonse khumi. Mukudziwa chifukwa chake? Ine kuno ndinadzisunga."

Ndinadziwa kumene mawuwo akupita. Kwathu amati mwamuna akakhala pantchito yoopsa, mkazi wake kumudzi n'kuyenda ndi mwamuna wina, ngozi imakamupeza mwamunayo komwe ali. Sabata imodzi m'mbuyomo Lonjezo, khanda langa la miyezi isanu ndi iwiri, anatentha thupi, ndipo a Chimbalanga, amene munda wawo unagundana ndi wathu, anandinyamula panjinga kupita kuchipatala ndi kubwerako. Panalibenso china. Koma anthu anationa tikubwera dzuwa litapendeka. Pamudzi pathu mkazi akamupeza ndi mlandu wotere amamubweza kwawo, ana amatsala, chifukwa ng'ombe zinaperekedwa.

Ndinangodziuza kuti amuna anga akangotsegula pakamwa n'kunena chimene chawagwetsa, nkhaniyi itha. Ndi chimene ndinanyamukira nacho mumtima.

Lachitatu m'mawa tinamusiya Tadala kwa alamu anga n'kuyenda wapansi mpaka pamsewu wa tala, ine Lonjezo kumsana, chikwama kumutu. Ndinali nditaphika mpunga ndi nkhuku, ndinaika m'bakuli. Apongozi ankayenda patsogolo, ndipo njira yonseyo sanacheuke.

Masiku amenewo mafuta ankasowa. Tinakhala pansi pa mtengo wa msangu kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litafika pamutu, magalimoto amene anadutsa anali atatu, onse odzaza. Yachinayi inali minibasi ya chitseko chomangirira ndi chingwe. Kondakitala anatchula mtengo wopita ku Golomoti, wowirikiza umene tinkaudziwa.

"Mwana wanga, ulendo wake ndi wa matenda," anatero apongozi.

"Agogo, nafenso galimotoyi ikudwala. Mafuta tikugula kwa a zigubu. Mukafuna mtengo wakale kwerani mapazi, amenewo sanakwere."

Tinalipira. Anatiika pathabwa limene amalowetsa pakati pa mipando, mawondo atagunda pachibwano.

Pa Golomoti tinadikiranso. Njira ya kufupi yopita ku Lilongwe ndi yokwera chitunda cha Khwekhwelere, ndipo oyendetsa ambiri ankakana, ankati chitundacho chimamwa mafuta ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Cha m'ma thuu koloko panabwera pikapu yonyamula madengu a usipa. Tinakhala kumbuyo pamwamba pa katundu, anthu khumi ndi angapo. Pambali panga panali mwini madenguwo, mayi wonenepa wa mawu aakulu, wa mano otalikirana. Anati tiziwaitana NaTembo.

Titakwera makona angapo galimoto inayamba kutsokomola, kenako kutsogolo kunatuluka nthunzi. Amuna analumpha kukaika miyala kuseri kwa matayala kuti isabwerere. Dalaivala anatsegula kutsogolo, anaima patali manja ali m'chiuno, n'kunena kuti tidikire izizire. Madzi othira analibe. Anasonkhanitsa mabotolo athu akumwa, sanakwane, ndiye amuna awiri anatsika kukhwawa ndi chigubu.

Tinakhala m'mphepete mwa msewu. Chigwa chathu chonse chinkaoneka pansi, minda ya mpunga ngati timapepala tobiriwira. Ndinatsegula bakuli, ndinagwada, n'kulipereka kwa apongozi.

"Mayi, idyani. Simunalawe kanthu chidzukire."

"Mchere wathira ndani?"

"Ndine."

"Idyani nokha."

Amene si akwathu mwina sangamve. Amati mkazi amene wayenda kumbali akathira mchere m'ndiwo, odyawo amadwala mdulo, amatupa n'kumatsokomola magazi. Kukana mchere wa munthu ndi kumuuza mlandu pamaso pa anthu. Onse amene anali pafupi anamva, ena anayang'ana kumbali.

NaTembo anasendera. "Nkhuku imeneyi yalakwanji? Bweretsani kuno. Ine ndadya mchere wa m'misika yonse kuyambira ku Mangochi mpaka ku Mchinji, wothira anthu amene sindikudziwa kumene anagona, koma taonani thupi."

"Thupi lotupalo ndi limene tikunena," anatero bambo wina, ndipo anthu anaseka.

NaTembo anawatembenukira. "Inu khalani chete, akazi anu akuthirirani mchere zaka zingati mukadali ndi khosi ngati nkhwali?"

Anadya ntchafu ndi mpunga, n'kunyambita zala mokweza kuti apongozi amve. Nditafuna kupita kuseri kwa tchire ndinamasula Lonjezo n'kumupereka kwa agogo ake, koma iwo manja anali atawapinda m'chitenje.

"Manja anga atopa," anatero.

Anamulandira ndi NaTembo. Nditabwerako anandinong'oneza.

"Mwachitadi?"

"Ayi."

"Ndiye musalire pamsewu. Mwamuna wanu akadzuka adzawauza yekha. Wagwa panyumba yanji?"

Ndinawafotokozera za makoma onenepa, machumuni atatu ndi denga loimirira, monga momwe ndinamvera. Iwo anapukusa mutu.

"Machumuni atatu, amaphika kangati patsiku ansembewo?"

Pa Masasa, pomwe msewu umakumana ndi waukulu, tinafika dzuwa litafiira. Mphepo ya kumtunda inatilandira, ndipo ine ndinali ndi chitenje chimodzi chapadera, ndinamufunditsa mwana. Ife ndi NaTembo tinapeza basi yaikulu yochokera ku Blantyre, tinaimirira mpaka ku Dedza, kenako munthu wina atatsika apongozi anapeza mpando. Pa rodibuloko anatitsitsa tonse kuti aone katundu, madengu a NaTembo anawagwira chifukwa cha pepala lina limene analibe. Basi inanyamuka iwo akukangana ndi wapolisi, dzanja limodzi akutibayibitsa. Sindinawaonenso. Ku Lilongwe tinagona m'depoti pa simenti. Ndinaimbira kapitawo uja, anati, "Akupuma." Sananene zambiri.

Lachinayi m'mawa tinakwera minibasi ya ku Mponela. Inadzaza msanga, ndipo ndinati mwina lero Mulungu watikumbukira. Koma titangodutsa Lumbadzi dalaivala anakhotera pamalo omwetsera mafuta n'kuima kumapeto kwa mzere wautali, wokhota mpaka kuseri kwa magolosale.

"Thanki yafika usiku, ayamba kuthira posachedwa," anatero.

Posachedwa wakeyo anali maola asanu. Ndalama anali atatolera kale, ndiye panalibe wotsika. Galimoto inkasuntha kutalika kwa mphasa imodzi, n'kuima. Pofuna kusunga madontho otsalawo ankaizimitsa, amuna n'kumaikankha. Mkati munatentha, Lonjezo analira mpaka mawu anasasa. Ndinatuluka naye, ndinkayenda uku ndi uku m'mbali mwa mzerewo, ndikuwerenga magalimoto amene atsala kutsogolo. Ndikabwerera kukawerenganso ndinkapeza achuluka, chifukwa ena ankalowerera chapakati. Apongozi anagula chinangwa chophika kwa mayi wina n'kumadya okha, atayang'ana pawindo.

Foni yanga inali itazima. Ndinaipereka pakashopu kometera tsitsi kuti aitchaje. Nditaiyatsa, nthawi yomweyo inalira. Anali kapitawo uja.

"Muli pati, mayi?"

"Tili pamzere wa mafuta, sitinafike ku Mponela."

"Chabwino. Mukafika paboma musapite kuchipatala. Mungobwera kumishoni. Matenda akula."

Ndinakhala pa benchi ya ometayo kanthawi. Munthu wamkulu aliyense amadziwa kuti matenda akakula pafoni ndiye kuti chiyani. Ndinabwerera kuminibasi.

"Akuti chiyani?" anafunsa apongozi.

"Akuti matenda akula. Tipite kumishoni."

Anavula mpango kumutu n'kuumanga m'chiuno mothinitsa, monga amachitira amayi pamaliro. Mayi amene anakhala nawo pafupi ataona zimenezo anayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ena n'kulandira. Tinathira mafuta anthu akuimba.

Za Mponela sindikumbuka zambiri. Tinakwera lole ya feteleza mpaka paboma la Ntchisi, fumbi lofiira likutilowa m'mano. Kuchokera pamenepo tinakwera njinga zamoto ziwiri, kukwera ndi kutsika mapiri, pamilatho ya mitengo. Dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa pamene woyendetsa analoza ndi chibwano.

Nyumbayo ndinaizindikira asananene. Inaima payokha kuseri kwa tchalitchi, pakati pa mitengo ikuluikulu, yosanjikiza, yaitali kuposa momwe ndinkaganizira. Njerwa zake zazing'ono, zofiira ngati chiwindi, mzere wina zogona m'litali, mzere wotsatira zoonetsa mitu, monga amuna anga anandiuzira. Mazenera osongoka aja analipo, magalasi ake ting'onoting'ono ngati zikhatho za mwana. Machumuni atatu. Ndipo denga la matailosi a dothi, akuda ndi ndere, linachoka pamwamba penipeni n'kutsika ngati phompho. Pafupi ndi chumuni chapakati panali pepala la pulasitiki labuluu, mphepo ikulikupiza. Kuseri kunkamveka hamala. Akalipentala ankakhoma bokosi.

Anatilandira ndi bambo wachikulire wovala epuloni, a Gwaza, amene akhala akuphikira ansembe panyumbapo kuyambira unyamata wawo. Anati wansembe ndi kapitawo apita paboma kukakonza za thupi ndi galimoto, tinyamuka mawa. Anatikhazika pakhonde, anatipepesa. Apongozi pamenepo ndi pamene analira, kulira kwenikweni, akuitana dzina la mwana wawo. Inenso ndinalira. Koma ndinene zoona, mkati mwa kulirako munali funso limodzi, ndipo nditapeza mpata ndinalifunsa.

"Bambo, ananenapo kanthu asanatisiye?"

"Ayi, mayi. Chigwereni sanatsegule pakamwa."

Mboni yanga inali itapita. Inatsala nyumbayo.

"Ndionetseni pamene anagwera. Mayi, tiyeni mukaone nawo."

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu yowauza apongozi choncho, koma anadzuka.

A Gwaza anatilowetsa pachitseko cholemera cha zitsulo zakuda. Mkati munali mozizira ngati m'phanga. Chipinda chilichonse chinali ndi malo osonkhapo moto olowa m'khoma, ena anaikamo matumba a chimanga, ena nkhuku inali itaikiramo mazira. M'kanjira ka pakati anaima pa chithunzi chakale cha m'galasi.

"Taonani apa."

Inali nyumba yomweyo, mazenera omwewo, machumuni omwewo, koma pansi ponse ndi padenga pali poyera.

"Iyi si ino ayi. Iyi ili ku Mangalande, m'tauni ya kwawo kwa wansembe woyamba amene anabwera kuno. Bambo ake analinso wansembe, iye anabadwira m'nyumba imeneyi. Atafika kuno anaisowa, ndiye anapatsa amisiri chithunzichi kuti amange yofanana, osasintha kanthu. Khonde lija mwakhalapo analimata pambuyo, ataona kuti dzuwa la kuno si la kwawo."

"Choyerachi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Chisanu cha kwawo. Akuti chimagwa ngati ufa, n'kuunjikana padenga, cholemera. Ndiye denga amaliimiritsa kuti chizitsetsereka chokha. Analipangira zimenezo, kuti chilichonse chokhala pamwamba chitsike msanga."

"Kuno chinagwapo?"

"Sichinagwepo ndi kale lonse, mayi."

Tinakwera masitepe a matabwa olira pa phazi lililonse, kenako makwerero ang'ono olowa m'denga. Munkanunkha mileme. Kuwala kunkalowa kobiriwira chifukwa cha pulasitiki ija. A Gwaza anagogoda phaso limodzi ndi chala, linalira ngati chitsulo.

"Awa ndi oyamba, a mkungudza, chiswe sichiwayandikira. Koma kale mphepo inagwetsera mtengo padengali, okonza anaikapo mapaso a paini n'kuwapaka utoto wakuda kuti afanane ndi anzawo. Ukayang'ana sungasiyanitse."

Anatola chidutswa pansi, chachitali ngati mkono, n'kundipatsa. Chinali chopepuka ngati phesi. Kunja utoto unali bwinobwino, mkati munali timisewu tokhatokha ta dothi.

"A Mateyu ankachotsa matailosi apa. Anaponda phaso ili, linathyoka, anapendekera kunja. Likanakhala denga ngati athu akuno, akanangokhala pansi pomwepo n'kutukwana. Koma ili silisunga munthu. Anatsetsereka mpaka kumapeto, n'kugwera pamasitepe a miyala a pakhomo. Ine ndinali kukhitchini, ndinamva matailosi akusweka."

Ndinagwada m'fumbi la milememo, Lonjezo ali kumsana, ndinapereka chidutswacho kwa apongozi ndi manja awiri.

"Mayi, taonani. Ndi chiswe. Ndi denga lomangira dziko lina. Si ine."

Anachilandira. Anachitembenuza, anachifinya, chinanyenyeka m'manja mwawo. Ine ndinayamba kupuma, ndikuti amvetsa. Kenako anatembenukira kwa a Gwaza.

"Bambo, chiswechi chinayamba liti kudya mtengowu?"

"Kalekale, mayi. Ndi zaka."

"Mwezi uno akwera anthu angati padengali?"

"Asanu, kuphatikiza kapitawo."

"Onsewo amaponda pamenepa?"

"Njira yopita kuchumuni inali yomweyi."

"Kapitawoyo ndi wochepa thupi?"

A Gwaza anazengereza. "Ayi, ndi wamkulu ndithu."

"Ndiye mtengowu unapirira zaka zonsezo, unapirira anthu asanu, unapirira kapitawo wonenepa. Unkadikira chiyani kuti uthyoke tsiku la Mateyu?"

A Gwaza anayang'ana pansi. Ine ndinafunafuna yankho m'mutu mwanga, ndipo mpaka lero ndikulifunabe. Ndikudziwa kuti mtengo wodyedwa umathyoka tsiku lina lake, ndipo tsikulo pamakhala phazi la munthu wina wake. Koma mawu amenewo ndikawanena amamveka opepuka ngati chidutswa chija.

Titatsika, apongozi anaima pakhomo, pamasitepe a miyala amene anali atatsukidwa kumene. Anamasula chitenje chawo chimodzi.

"Bweretsani mwanayo."

Masiku awiri onse manja awo anali otopa. Ndinamasula Lonjezo, anamubereka okha, anamanga mfundo pachifuwa kawiri.

Lachisanu tinabwerera pa lole ya mishoni, bokosi lili pakati, ulendo wa tsiku limodzi lokha chifukwa mafuta anali atawapezeratu. Tinatsika Khwekhwelere osaima. Mwana ankandipatsa akalira njala, akangomaliza kuyamwa n'kumutenganso. Ine pamiyendo ndinanyamula chotsala cha phaso lija, nditachikulunga m'chitenje. Ndinkati mwina akuluakulu a kumudzi akachiona adzamva.

Anachiona. Tsiku lometa anachipatsirana mmodzimmodzi, aliyense n'kuvomera kuti ndi chiswedi. Kenako amalume awo a malemu anafunsa funso lomwe lija, ngati anachita kupangana. A Chimbalanga analumbira atagwira Baibulo, anthu anati nanga akanavomera? Anagamula kuti ndibwerere ku Biriwiri. Tadala atsale. Lonjezo ndipite naye chifukwa ndi wa kubere, koma akadzangosiya kuyamwa adzabwera kudzamutenga.

Pano ndimalima kabichi ndi mbatata ya kachewere pamunda wa mayi anga. Tadala ndinamuona kamodzi, pa Khirisimasi, anandipatsa moni wa manja awiri ngati mlendo. Chidutswa chija chili m'chikwama, chikuthera chokha, ndikachigwedeza mumatuluka fumbi.

Lonjezo wakwanitsa zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Ali ndi mano onse, amathamanga, amadya chilichonse chimene ife tikudya. Amayi a kumsika amandiseka, amati mwana ameneyu adzapita kusukulu bere lili kukamwa. Mwezi watha alamu anga anaimba kufunsa ngati wasiya. Ndinati sanasiye. Mkaka weniweni unatha kale, mwina iyenso akudziwa, koma ndikamuitana amabwerabe.